Mapiko Akuzungulira Koma Batire Silidzaza: Kupanga ndi Kuchuna Makina Amphepo

Funso ndi lomwelomweli, amangosintha wofunsa: "Ndapanga makina amphepo, mapiko akuzungulira bwinobwino, koma batire silikudzaza. Ndalakwitsa pati?" Ena amabwera asanayambe n'komwe, mota yakale ili m'manja, kufuna kudziwa ngati ingathandize. Ndayankha mpaka pakamwa kuuma, ndiye ndati ndilembe kamodzi.

Nthawi zambiri palibe chathyoka. Mapiko ali bwino paokha, jenereta ili bwino payokha, koma ziwirizi sizikugwirizana. Zili ngati kumanga ng'ombe ndi bulu pagoli limodzi. Kuzigwirizanitsa ndiyo ntchito yeniyeni, ndipo ndi pomwe malangizo ambiri amalumpha. Ine ndikhalitsa pamenepo. Chitsanzo changa ndi makina a mapiko atatu, phiko lililonse lotalika mita imodzi (ndiye kuti bwalo lonse ndi mamita 2), odzaza batire la 12V.

1. Werengerani mphepo musanagule kanthu

Mphamvu ya mphepo sikwera pang'onopang'ono ngati masitepe. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza ka 8. Masamu ake ndi awa: mawati amene ali mumphepo = 0.48 × dayamita × dayamita × liwiro × liwiro × liwiro. Dayamita ndi kukula kwa bwalo limene mapiko amajambula, m'mamita, ndipo liwiro ndi mamita pa sekondi.

Pa bwalo la mamita 2, mphepo ya mamita 3 pa sekondi ili ndi mawati 52. Ya mamita 5 ili ndi 240. Ya mamita 10 ili ndi 1,920. Koma simungatenge onsewo. Albert Betz wa ku Germany anasonyeza mu 1919 kuti palibe makina amene angakolole kuposa 59.3 peresenti, chifukwa mphepo iyenera kupitirira ndithu kuti ipereke malo kwa ina imene ikubwera. Makina osema pamanja, mukachotsa zotayika m'jenereta ndi m'mawaya, akafikitsa gawo limodzi mwa magawo anayi ku batire, mwachita bwino. Ndiye pa mamita 5 pa sekondi yembekezerani mawati pafupifupi 60, pa mamita 3 mawati 13 okha. Ngati malo anu ali pamtunda kwambiri, chotsaniponso: mpweya umapepuka pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse okwera.

Ngati mulibe kachipangizo koyezera mphepo, yang'anani mitengo. Masamba akangoti waaa, mphepo n'kumamveka pankhope, muli pa mamita 2 kapena 3. Timphukira tikamagwedezeka kosalekeza, muli pa 4 kapena 5. Fumbi ndi timapepala zikayamba kuuluka, mwadutsa 6. Mitengo ing'onoing'ono ikamawerama uku ndi uku, muli pakati pa 8 ndi 10. Penyetsetsani kwa milungu ingapo, osati tsiku limodzi la chimphepo. Ngati masiku ambiri masamba amangoti zii, ndikuuzani mosabisa: gulani sola, mudzagona tulo.

2. Sankhani jenereta, ndipo muiyeze isanakwere

Choyamba dziwani liwiro limene mapiko anu amafuna. Mapiko atatu opyapyala amagwira bwino nsonga zake zikamathamanga ka 6 kuposa mphepo. Kuchokera apo timapeza lamulo lapafupi: rpm = 115 × liwiro la mphepo ÷ dayamita. Mawu akuti rpm akutanthauza maulendo amene chinthu chazungulira pa mphindi imodzi. Mapiko athu pa mphepo ya mamita 3 amafuna 172 rpm, pa mamita 6 amafuna 345, pa mamita 10 amafuna 575.

Ndiye jenereta yanu iyambe kukankha magetsi kulowa m'batire pa 170 rpm kapena chapompo. Liwiro limeneli amalitcha cut-in, ndipo mukumbukire dzinali chifukwa tibwererako kangapo. Pansi pa cut-in mapiko amangozungulira opanda katundu. Mavolti a jenereta akangopitirira a batire, katundu amayamba.

Alternator ya galimoto isiyeni. Inapangidwira injini, imafuna kupitirira 1,000 rpm, komanso imadya magetsi a batire kuti ipange maginito ake. Dayinamo ya njinga imapereka mawati 3 okha. Chimene mukufuna ndi mota yokhala ndi maginito enieni mkati, yolembedwa mavolti ambiri ndi rpm yochepa. Gawani mavolti ndi rpm. Mota yolembedwa 180V pa 4,000 rpm imapereka 0.045V pa ulendo uliwonse, ndiye imafika 14V pa 310 rpm. Imeneyo ikuyenera mapiko a bwalo la mita 1.1, osati mamita 2. Mota yolembedwa 12V pa 3,000 rpm, ngakhale ioneke yamphamvu bwanji, siidzadzaza batire mpaka kalekale.

Musakhulupirire cholembedwa chokha. Ipanikizeni pa benchi, muizungulize ndi makina obowolera, mita yoyezera magetsi ili pa mawaya. Kenaka gundanitsani mawaya ake n'kuyesa kuizunguliza ndi dzanja. Ikalimba ngati mukutakasa phula, ndi yabwino. Ikamazungulirabe mopepuka, ilibe mphamvu.

3. Ngati mukupanga jenereta nokha

Mtundu umene ambiri amapanga ndi uja anaufalitsa Hugh Piggott wa ku Scoraig, ku Scotland: mbale ziwiri zachitsulo zokhala ndi maginito, zoyang'anizana, ndipo pakati pake pali mbale yosazungulira ya makoyilo a waya wa kopa oumbidwa mu resin (madzi onata amene akauma amalimba ngati pulasitiki). Mbale ya makoyiloyo amaitcha stator. Ubwino wake ndi wakuti m'makoyilo mulibe chitsulo, choncho maginito sakakamira, mapiko amanyamuka ndi kamphepo kochepa. Ubwino wina, umene ndimaukonda kuposa onse, ndi wakuti mutha kuichuna ndi mawasha.

Mbale zikhale zachitsulo wamba chokoka maginito, chochindikala mamilimita 6 mpaka 8. Aluminiyamu ayi. Pa mbale iliyonse ikani maginito 12 a neodymium, mosinthanitsa: woyamba nkhope ya N kumwamba, wachiwiri S, wachitatu N, choncho mpaka bwalo litatha. Gwirani maginito amodzi m'chibakera n'kuyendetsa pamwamba pa onse: likoke, likankhe, likoke, likankhe. Pakapezeka awiri ogundizana okoka onse, mwalakwitsa, konzani resin isanalowe. Mbale ziwirizo zikayang'anizana, maginito a uku ayang'ane okokana nawo a uko. Zonse zikwere pa habu ya gudumu la galimoto kapena ngolo, chifukwa mabering'i ake anazolowera katundu.

Maginito amenewa saseweretsa. Ine chala changa chamkombaphala chili ndi chipsera mpaka lero. Ndinkatsitsa mbale yachiwiri ndi manja, ndikuganiza kuti ndiigwira. Patatsala ngati masentimita 5, inangondilanda, phaa! Chikhadabo chinada n'kuthothoka patatha milungu iwiri. Boolani mabowo atatu kapena anayi a mazinga pa mbale yakutsogolo, mulowetse mabawuti aatali, muziitsitsa powamasula pang'onopang'ono. Foni, mawotchi ndi zitsulo zonse zikhale kutali, ndipo munthu amene ali ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda asayandikire.

Makoyilo ndi 9, ndipo musakulunge onse mongoganizira. Kulungani imodzi yoyesera, bowo lake lapakati lofanana ndi kukula kwa maginito, muimate pa kathabwa, muilowetse pakati pa mbale ziwiri zija, mpata uli momwe udzakhalire. Zungulizani ndi dzanja kamodzi pa sekondi, yomwe ndi 60 rpm, muwerenge mavolti a AC (magetsi oyenda mosinthasintha, uku ndi uku). Kuti batire la 12V liyambe kulandira, koyilo iliyonse iyenera kupereka pafupifupi 1.9V pa cut-in. Tinene kuti koyilo yanu ya mizere 50 (waya wokulungidwa maulendo 50) yapereka 0.5V pa 60 rpm. Pa 170 rpm ipereka 1.4V. Yaperewera, ndiye mizere ikwere: 50 × 1.9 ÷ 1.4, yomwe ndi pafupifupi 68. Mukadziwa mizere, sankhani waya wonenepa kwambiri umene ungakwane m'malowo, poti waya woonda umatentha.

Mutapatsa makoyilo manambala mozungulira bwalo, lumikizani koyilo 1, 4 ndi 7 motsatizana, mapeto a ina ku chiyambi cha inzake. Chimodzimodzi 2, 5, 8, kenaka 3, 6, 9. Mwapeza magulu atatu. Mukamanga ziyambi zitatu pamodzi n'kutulutsa mapeto atatu, kulumikiza kumeneko ndi star. Mukalumikiza magulu atatuwo mozungulira, mapeto a ili ku chiyambi cha linzake, ndi delta. Star imapereka mavolti ochuluka ka 1.73 kuposa delta pa liwiro lomwelo, ndipo masamu a pamwambawa ndi a star. Langizo langa: tulutsani nsonga zonse 6 kunja kwa resin. Tsiku lina mudzafuna kusintha, ndipo resin ikauma siimva kupepesa. Koyilo imodzi ikatembenuzika, gulu lake lonse limafooka, ndiye yezani magulu atatuwo musanathire resin, mavolti afanane.

4. Semani mapiko

Thabwa louma, lopepuka, lopanda mfundo, mitsempha yake yoongoka, monga la paini. Mapaipi a PVC amagwira pa makina ang'onoang'ono osapitirira mita imodzi, koma dzuwa limawafooketsa, ndipo tsiku lina amathyoka osachenjeza. Malata musayese: amatopa pamabawuti n'kuuluka ngati chikwanje.

Phiko silikankhidwa ndi mphepo ngati chitseko. Limakokedwa, ngati la ndege. Mbali yafulati ndiyo iyang'ane mphepo, mbali yotukuka iyang'ane kumbuyo, ku nsanja. Ndaona anthu ambiri atatembenuza zimenezi, makina n'kumangozungulira mwaulesi.

Pa phiko la mita imodzi, kuyeza kuchokera pakati pa habu: kunsonga likhale lotambalala masentimita 5, lopendekeka madigiri 2 kapena 3 okha. Pakati, masentimita 10, madigiri 8. Pa kota, pafupi ndi tsinde, masentimita 15 mpaka 20 malinga ndi thabwa lanu, madigiri 18. Kupendekekaku mukuyeza kuchokera pa bwalo limene mapiko amazunguliramo, osati kuchokera komwe mphepo ikuchokera. Phiko limapotoka chonchi chifukwa nsonga imathamanga kwambiri kuposa tsinde, ndiye mbali iliyonse imakumana ndi mphepo mosiyana. Kunenepa kwake kukhale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a kutambalala, ndipo ponenepa kwambiri pakhale pa gawo loyamba mwa magawo atatu kuchokera kutsogolo. Kutsogolo kukhale kobulungira, kumbuyo kopyapyala ngati mpeni, kosapitirira milimita imodzi.

Maso a munthu amafuna kupendeketsa nsonga kwambiri, chifukwa madigiri 3 amaoneka ngati palibe. Kanizani mtima. Phiko lopendekeka madigiri 20 kunsonga limanyamuka msanga, limasangalatsa oonerera, koma silithamanga, ndipo cut-in silidzaifika. Semani atatu onse limodzi, gawo ndi gawo, kuti afanane. Malizani ndi sandipepa, mupake penti kangapo, makamaka kunsonga ndi kutsogolo.

5. Linganizani kulemera

Panikizani matsinde a mapiko pakati pa mbale ziwiri za pulayiwudi. Musanamange zolimba, yezani kuchokera nsonga ina kufika inzake, mbali zonse zitatu. Miyeso itatuyo ifanane, isasiyane kuposa mamilimita 3 kapena 4.

Kwezani mapiko pa jenereta m'chipinda chopanda mphepo, mawaya asakugundana. Imikani phiko limodzi chopingasa, mulisiye. Likatsika, ndi lolemera. Mangirirani kachitsulo kapena mawasha pafupi ndi habu mbali yopepuka mpaka mapiko aziima paliponse pomwe mwawasiya. Kenaka ikani kamtengo pafupi ndi nsonga imodzi, muzungulize: nsonga zonse zidutse pa mtunda wofanana. Pa 575 rpm nsonga zikuthamanga makilomita oposa 200 pa ola. Kusiyana kochepa kumene mukukunyozera pansi, kumwamba kumagwedeza mchira, kumasula manati, kudya mabering'i.

6. Mutu ndi mchira wopinda

Mutu wa makina ndi paipi yokulirapo yovekedwa pamwamba pa paipi ya nsanja, yopakidwa girizi, kuti uzitembenuka. Mchira utalike ngati phiko limodzi, ndipo chipepeso chake chikhale pafupifupi masentimita 40 kwa 60.

Mchira wongowotcherera osapinda ndi umene umapha makina ambiri. Pa chimphepo palibe chowateteza. Njira yake ndi iyi: jenereta musaiike pakati penipeni pa nsanja, isunthireni kumbali masentimita 8 mpaka 10. Mphepo ikamakankha mapiko, mutu uzifuna kupatuka. Mchira muukoleke pa kapaipi kopendekeka madigiri pafupifupi 20, kuti ukamapinda uzikweranso m'mwamba. Pa mphepo yabwino kulemera kwa mchira kumapambana, mapiko amayang'ana mphepo. Mphepo ikakula, kukankha kwa mapiko kumapambana, mutu umapatuka, mchira n'kupindika, ndipo chimphepo chimangowadutsa m'mbali. Ikatsika, mchira umagwa wokha n'kubweza mutu. Wotchererani zoimitsa ziwiri, china chotsekereza mchira pansi, china choti usafike pa mapiko ukapinda.

7. Mawaya, buleki ndi chotayira magetsi

Mawaya atatu atsike mkati mwa paipi, alendewere momasuka, pansi muikepo pulagi yoti muzimasula akapotana. Akafika pansi alowe kaye pa swichi ya buleki, kenaka pa rectifier, yomwe ndi madayodi 6 (tizipangizo tolola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha) osandutsa AC kukhala DC, magetsi oyenda mbali imodzi amene batire limalandira. Rectifier imatentha, imangeni pa chitsulo cha aluminiyamu. Kuchoka apo, mita ya maampu, fyuzi, batire. Ngati mwagwiritsa mota ya mawaya awiri, ikani dayodi imodzi yaikulu, apo ayi batire lidzazunguliza mapiko anu ngati fani usiku wonse.

Buleki ndi swichi yongogundanitsa mawaya atatu aja. Jenereta imalimba, mapiko n'kuima. Ikhale kumbali ya jenereta, isanafike rectifier. Mukaiika kumbali ya batire, mwagundanitsa batire, ndipo umenewo ndi moto.

Tsopano chenjezo limene ndimabwereza mpaka anthu kutopa nane: makina amphepo musawachotse pa batire akuzungulira. Batire ndiye katundu wake. Likachoka, mapiko amathawa, mavolti amakwera, china chake chimapsa kapena kuthyoka. N'chifukwa chake kontirola wamba ya sola siyenera pano: batire likadzaza, iyo imadula waya. Sola ikadulidwa imangokhala, mapiko sangakhale. Mukufuna kontirola yopatutsa, imene batire likafika pa 14.4V imatumiza otsalawo ku chotayira magetsi, chomwe ndi waya wotenthetsa wotha kumeza mphamvu zonse za makina anu. Mababu sindiwakhulupirira pa ntchitoyi, poti babu likapsa usiku palibe amene amadziwa. Batire la asidi likhale popita mphepo, chifukwa likamadzaza limatulutsa mpweya wa hydrogen umene umaphulika.

8. Nsanja

Pamwamba pa denga ayi. Mphepo ya padenga ndi yovunduka, ndipo kunjenjemera konse kumalowa m'nyumba. Lamulo lodziwika ndi lakuti mapiko akhale mamita 9 pamwamba pa chilichonse chimene chili pa mtunda wa mamita 150. Ambiri sitifikapo, koma mita iliyonse yowonjezera imabweza ndalama zake kuposa kukulitsa mapiko. Mutu ukamangotembenuka uku ndi uku ngati wasokonezeka, vuto si mchira, ndi malo.

Pangani nsanja yogoneka, yokhala ndi hinji pansi ndi zingwe zachitsulo mbali zinayi, kuti muzitsitsa m'malo mokwera. Mutsitsa kambiri pochuna, ndiye musadzivutitse. Zingwe zakumwamba zimangidwe pansi pa pomwe nsonga za mapiko zimadutsa. Yesani kuimika nsanja yokha kaye, yopanda makina. Lumikizani paipi ku chitsulo chokhomedwa m'nthaka chifukwa cha mphenzi. Imikani tsiku lopanda mphepo, buleki ili yotseka, pansi pake pasaime munthu.

9. Kuchuna

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Konzani kope, mita ya maampu, ndi mita yotha kuwerenga Hz, yomwe ndi maulendo amene magetsi a AC amapita n'kubwerera pa sekondi imodzi. Ikani mita ya Hz pa mawaya awiri mwa atatu aja, rectifier isanafike. Pa jenereta ya maginito 12 pa mbale, rpm ndi Hz kuchulukitsa ka 10. Mukaona 17 Hz, ndiye 170 rpm. Mwadziwa liwiro la mapiko mutaima pansi.

Khalani pansi pa nsanja madzulo angapo. Lembani Hz pamene singano ya maampu yayamba kusuntha, imeneyo ndiyo cut-in yanu yeniyeni. Lembaninso Hz ndi maampu pa mphepo yapakatikati ndi pa yamphamvu. Mupeza chimodzi mwa zitatu izi.

Choyamba ndi chimene akatswiri amati stall. Ine ndimati kutsamwa, chifukwa ndi momwe zimaonekera. Makina amayamba kutchaja msanga, maampu 1 kapena 2, inu n'kusangalala. Mphepo ikukula, mitengo ikuwerama, koma mapiko akungozungulira mwakachetechete, mutha kuwawerenga ndi maso, singano ili pomwepo. Chikuchitika ndi ichi. Batire limagwira mavolti pamalo amodzi. Jenereta yamphamvu kwambiri ikangodutsa cut-in, liwiro likakwera pang'ono chabe imakoka katundu wambiri, ndiye imawagwira mapiko pakhosi. Pa mphepo ya mamita 6 mapiko akufuna 345 rpm, koma jenereta yawapanikiza pa 170. Nsonga zikuthamanga katatu kokha kuposa mphepo m'malo mwa ka 6. Pa liwiro lotere mphepo imamenya phiko mwachipumi, imalephera kutsata msana wake wotukuka, imasweka n'kuvunduka, ndipo kukoka kuja kumatha. Mphamvu ilipo yambiri mumphepo, koma phiko silingaigwire.

Makina anga oyamba anatsamwa miyezi iwiri ndisakudziwa. Ndinali nditawonjezera mizere pa makoyilo mwadala, poganiza kuti kutchaja msanga ndiko kupambana. Cut-in inali pa 12 Hz. Tsiku lina la mphepo yabwino, singano itakakamira pa maampu 3, ndinatenga mpukutu wa waya wotsala, wautali ndithu, n'kuulowetsa pakati pa rectifier ndi batire, buleki nditatseka kaye. Nditatsegula, mapiko anayamba mwa masiku onse, kenaka phokoso linasintha, kuchoka pa fuu, fuu, fuu kufika pa mluzu umodzi wosalekeza. Mapiko anasowa m'maso, kunangotsala chizimezime. Singano inakwera kudutsa 8. Ndinali nditawonjezera chotchinga panjira ya magetsi, koma magetsi anachuluka. Mutu unandizungulira mpaka nditamvetsa kuti waya uja anamasula khosi la mapiko.

Kuyesa kumeneko ndi kumene ndikukupatsani. Waya wa kopa wa 1.5 mm² wotalika mamita 40 uli ndi pafupifupi theka la ohm, muyeso wa momwe waya umatchingira magetsi. Ulowetseni kwa kanthawi, mutautambasula kuti usatenthe. Maampu akakwera pa mphepo yomweyo, makina anu ndi otsamwa. Mankhwala ake, kuyambira ofewa: onjezerani washa wa milimita imodzi pa bawuti iliyonse pakati pa mbale za maginito. Mpata ukakula, maginito amafooka pa makoyilo, cut-in imakwera. Yesaninso. Ngati sizinakwane, washa wina. Mukhozanso kusiya chotchinga chija mpaka kalekale, kapena kugwiritsa waya woondako pang'ono kuchokera ku nsanja, bola kutenthako kuzichitikira panja osati mu stator. Ngati cut-in ili pansi kwambiri, monga 100 rpm, sinthani star kukhala delta, ikwera kufika 173. Kusamukira ku batire la 24V kumaiwirikiza kawiri. Njira yomaliza ndi kusema mapiko okulirapo, oyenda pang'onopang'ono koma amphamvu.

Chachiwiri ndi kuthawa. Mapiko akulira ngati helikopita, Hz ili pamwamba, koma maampu ndi ochepa, ndipo pa kamphepo kabwinobwino singano siisuntha. Apa jenereta ndiyo yafooka, kapena cut-in yakwera kwambiri. Chitani zosemphana ndi zija: chotsani washa, koma musiye mpata wa milimita imodzi ndi theka pakati pa maginito ndi stator mbali zonse, chifukwa stator ikatentha imapindika pang'ono ndipo maginito akaikhula mwataya zonse. Ngati muli pa delta bwererani ku star. Nenepetsani mawaya: maampu 10 pa waya wa 4 mm² wotalika mamita 60 mukaphatikiza kupita ndi kubwera, amataya mawati 26 panjira. Ngati ndi mota yogula yosachunika, fupikitsani mapiko, poti aafupi amazungulira msanga ndipo safuna jenereta yaikulu. Dulani masentimita 5 pa lililonse, mulinganizenso kulemera.

Chachitatu: sakunyamuka n'komwe pa mphepo yochepa, koma mukawayambitsa amapitirira. Tsitsani, muzungulize ndi chala. Akalimba mosalala, mabering'i mwamanga kwambiri kapena girizi ndi wouma. Akamagwira n'kusiya, gwiragwira, mawaya awiri akugundana penapake kapena dayodi imodzi yapsa. Masulani rectifier muone ngati apepuka. Zonsezi zikakhala bwino, matsinde a mapiko ndi opyapyala kwambiri, chifukwa tsinde lotambalala ndi lopendekeka ndilo limayambitsa kuzungulira.

Cholinga chanu pa bwalo la mamita 2 ndi ichi: gawani rpm ndi 9.5, mupeza liwiro la nsonga. Gawaninso ndi liwiro la mphepo. Yankho likhale pakati pa 5 ndi 7 pa mphepo imene imaomba masiku ambiri kwanuko. Jenereta yolumikizidwa mwachindunji ku batire siingagwirizane ndi mapiko pa mphepo zonse, ndiye sankhani ya masiku onse, osati ya kamodzi pamwezi. Ndipo sinthani chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha washa, waya ndi mapiko tsiku limodzi, simudzadziwa chimene chathandiza.

Mukamasula makina otsamwa, mwatsegula khomo la vuto lina. Poyamba kutsamwa kunkawateteza. Tsopano atha kufika pa maampu amene stator siingapirire, ndiye mchira uyenera kuchunidwa tsiku lomwelo. Kutentha kwa makoyilo kumakwera msanga kuposa maampu: kuchoka pa 20 kufika pa 30, kutentha kumaposa kawiri. Maginito wamba a neodymium nawo amayamba kutaya mphamvu akadutsa madigiri 80, ndipo siibwerera. Mchira wopepuka umapinda msanga, wolemera umachedwa. Yambani ndi wopepuka. Pa mphepo yamphamvu penyani singano ndi mchira limodzi: maampu akwere, mchira uyambe kunyamuka, maampu aime kapena atsike. Izi zizichitika mphepo ili cha m'ma mamita 10 pa sekondi. Ngati ukupinda mphepo isanakule, mangani kachitsulo kumapeto kwake, pang'onopang'ono, magalamu 200 kapena 300 pa ulendo. Ngati suukupinda konse, chepetsani kulemera, ndipo onani ngati hinji yachita dzimbiri. Mukatsitsa makina pambuyo pa chimphepo, nunkhizani stator. Fungo la resin yopserera kapena madontho akuda pa makoyilo akukuuzani kuti mchira ukuchedwa.

Yesaninso buleki pa mphepo yapakatikati. Mapiko aime pa masekondi ochepa. Mpata mukaukulitsa kwambiri, buleki imafooka, ndipo pa chimphepo ikhoza kulephera kuwaimitsa n'kuwotcha makoyilo. Mukaona mitambo yoopsa, tsekani mphepo isanafike, kapena dikirani pomwe yapumira.

10. Mlungu woyamba ndi pambuyo pake

Pakatha mlungu, tsitsani. Thabwa limafinyika, ndiye manati a mapiko mupeza atamasuka ngakhale munamanga zolimba. Gwirani nsonga ya phiko, muigwedeze kutsogolo ndi kumbuyo: kukamveka kogogoda, mangani bering'i pang'ono. Suzumirani mpata wa stator mbali zonse ndi tochi, muchotse tizitsulo tomwe maginito atola. Kokaninso zingwe za nsanja, poti zatsopano zimatamuka. Mukatero, kawiri pachaka n'kokwanira: girizi pa mutu ndi pa hinji ya mchira, penti kutsogolo kwa mapiko kumene fumbi ndi mvula zimadya, ndi kumasula pulagi ija pansi kuti mawaya apotoloke. Mukapakanso penti, linganizaninso kulemera musanakweze, ndipo lembani m'kope Hz ya cut-in ya tsikulo pafupi ndi ya ulendo wapita. Ikakwera yokha popanda inu kukhudza mawasha, maginito ayamba kufooka kapena madzi alowa mu resin n'kuyambitsa dzimbiri, ndipo mbale ziyenera kutsegulidwa.